Bomba lili m'chikwama, ndipo akudziwa ndinu nokha

Mayi wina wanditumizira imelo yaifupi. Mwezi wamawa akwera ndege koyamba kuchoka ku Lilongwe kupita ku Johannesburg, ndipo m'malo moti azizipewa, wayamba kuonera mafilimu akale a ngozi za ndege, aja a m'zaka za m'ma 1950 mpaka 1970. Akufunsa kuti zikutheka bwanji kuti mafilimu a zithunzi zofwifwa, ndege zake zooneka ngati zidole, azimusiya mtima uli m'mwamba kuposa atsopanowa. Akufunsanso ngati apitirize kapena aleke.

Mayi, nkhani yagona pa kusiyana kwa kudzidzimutsa munthu ndi kumudikiritsa. Alfred Hitchcock, katswiri wopanga mafilimu, anapereka chitsanzo cha bomba la pansi pa tebulo. Anthu awiri akucheza, bomba n'kuphulika mosayembekezeka: woonera wadzidzimuka masekondi 15, zatha. Koma mukayamba mwamuonetsa bombalo likutcheredwa, mwamuonetsa wotchi, n'kuwasiya anthu aja azicheza za zii, woonera azunzika mphindi 15 zathunthu, akulakalaka kuwakuwira kuti thawanitu. Ndege imapereka zonse zofunika pa masewera amenewa. Anthu atsekeredwa malo amodzi, kotulukira kulibe, ndipo pali chinthu chimene chikutha: mafuta, mpweya kapena nthawi.

Onani mmene inamangidwira Airport ya 1970, yochokera m'buku la Arthur Hailey. Bambo wina amene zinthu zamuvuta agula inshulansi ya moyo pabwalo la ndege pomwepo, n'kukwera Boeing 707 yopita ku Rome atakumbatira kachikwama pamiyendo. Inu munaona kale zimene zili m'katimo. Mayi wokalamba amene wakhala naye pafupi sakudziwa kanthu, akungocheza. Gawo lalikulu la filimuyo bomba silinaphulike, ndipo gawo limenelo ndi lomwe limaumitsa kukhosi. Pansinso pali wotchi ina: 707 inzake yatitimira m'chipale chofewa ndipo yatseka msewu wautali woterapo ndege, womwe ndege yovulalayo ikuufuna chifukwa waufupi suikwanira. Mukuwerengera mbali ziwiri nthawi imodzi, amakaniko akukumba pansi pa matayala, ya kumwamba ikuyandikira.

Nkhani ya inshulansiyo sanaipeke. M'mabwalo a ndege a ku America munkakhala makina ogulitsa inshulansi ya ulendo, woponyamo makobidi n'kutulutsa pepala. Mu 1955 ndege ya United inaphulika ku Colorado, anthu 44 anafa, ndipo anatchera bombalo anali mwana wa mmodzi mwa okwera, amene anagulira mayi ake inshulansi asananyamuke. Mu 1962 ndege ya Continental, nayonso 707, inagwanso chifukwa cha wokwera amene anagula inshulansi yambiri. Kusecha wokwera aliyense ndi katundu wake wam'manja kunakhala lamulo ku America mu January 1973. Ndiye woonera wa mu 1970 ankadziwa kuti munthu angathedi kudutsa pageti ndi chikwama chotere popanda womufunsa.

Koma kwa ine wotchi yabwino koposa ndi mafuta, chifukwa ndi masamu amene aliyense angawatsatire. The High and the Mighty ya 1954 ili pa DC-4, ndege ya mainjini anayi a mapulopela, pa ulendo wa Honolulu kupita ku San Francisco, makilomita pafupifupi 3,900 a madzi okhaokha. Pa ulendo wotere pamakhala malo amene ukawadutsa mafuta sangakufikitsenso kumene wachokera. Injini ikuonongeka ndege itadutsa kale pamenepo, mafuta akutayika, ndipo funso latsala limodzi: otsalawo afika kumtunda, kapena aitsitse pamadzi usiku? Wowerengera njira akulakwitsanso masamu, wasokoneza mitundu iwiri ya mailosi. Zoterezi musaziyese zopeka. Mu 1983 Boeing 767 ya Air Canada inathiridwa mafuta owerengedwa m'mapaundi pamene ankafunika m'makilogalamu, n'kunyamuka ndi osakwana theka la ofunika. Mainjini onse awiri anazima ili m'mwamba. Inayandama mpaka kukatera ku Gimli, pabwalo lakale la asilikali, ndipo anthu onse 69 anatuluka amoyo. Ndege yaikulu ikazima sigwa ngati mwala: imapita kutsogolo makilomita oposa 10 pa kilomita iliyonse imene yatsika.

Apa ndiye ndikunenetsa kuti mafilimu ambiri atsopano analuza chinthu chimenechi, ndipo analuza chifukwa cha ulesi. Kompyuta ikhoza kujambula phiko likuthyoka, moto uli lawilawi, kamera ikugwedezeka mpaka mutu kuwawa, koma woonera sanapatsidwe nambala iliyonse yoti aziwerengera. Sakudziwa kuti kwatsala malita angati, mphindi zingati, msewu ndi wautali bwanji. Akungomenyedwa ndi phokoso. Kale m'chipinda choyendetsera munkakhala anthu atatu mpaka asanu: oyendetsa awiri, injiniya woyang'ana mageji, wowerengera njira, nthawi zina wa wailesi. Anthu amenewa ankayenera kuuzana zonse mokweza, ndiye inu munkamva chilichonse popanda wina kukufotokozerani. Munkaona singano ya geji ikutsika pang'onopang'ono, dzanja likupukuta thukuta pa thalauza, pensulo ikulemba pa mapu. Lero ntchito yonseyo ili m'masikirini, oyendetsa ndi awiri okha, ndipo wolemba filimu amene safuna kuvutika amangothamangira kophulitsa. Amenewo si mantha, ndi chisokonezo chabe.

Ndisaiwale za nsomba. Mu Zero Hour! ya 1957 oyendetsa onse awiri adya nsomba yoonongeka, akomoka, ndipo wotsala ndi wokwera amene anayendetsapo tindege tankhondo ta injini imodzi zaka zambiri zapitazo. Wa pansi akumuuza pa wailesi chogwira ndi nthawi yochigwira. Luso lake ndi lakuti munthuyo akuphunzira ndege pamodzi ndi inu, ndiye akalakwitsa mumamva ngati dzanja lalakwalo ndi lanu. Makampani ambiri a ndege amapatsadi oyendetsa awiriwo zakudya zosiyana pa chifukwa chomwechi. Filimu imeneyi ndi imene Airplane! ya 1980 inaisandutsa nthabwala, nkhani yomweyo pafupifupi mzere ndi mzere, ndipo kuchokera pamenepo zinavuta kuti anthu aonerenso mtundu umenewu osaseka.

Yodabwitsa kwambiri ndi No Highway in the Sky ya 1951. Mulibe bomba, mulibe chigawenga. Muli wasayansi amene wawerengera kuti chitsulo cha kumchira kwa ndege yatsopano chidzatopa n'kuthyoka ikauluka maola 1,440, ndipo akuzindikira ali m'mwamba kuti imene wakwerayo yatsala pang'ono kukwanitsa maolawo. Palibe akumukhulupirira. Patangopita zaka zitatu, mu 1954, ndege ziwiri za de Havilland Comet zinaphwasukira m'mwamba, ina pafupi ndi chilumba cha Elba mu January, ina pafupi ndi Naples mu April. Ofufuza a ku Farnborough, ku England, anamiza thupi la Comet ina m'thanki ya madzi, n'kumalipopa ndi kuliphwetsa kambirimbiri ngati likukwera ndi kutsika, mpaka linang'ambika pa ngodya ya windo. Chinali chitsulo chotopa. Mukadzakhala pa mpando wanu, yang'anani kuti windo lake lilibe ngodya zakuthwa.

Zimene mafilimuwa amakokomeza

Chitseko sichingatseguke ndege ili pamwamba, ngakhale wina achikoke ndi mphamvu zake zonse. Mpweya wa m'kati umachikankhira pa felemu yake ndi mphamvu yoposa matani 5 pa sikweya mita iliyonse. M'katimo mpweya amausunga kuti ufanane ndi wa pamalo okwera mamita 1,800 mpaka 2,400, ngati muli pamwamba pa Nyika. Ndege ikabooka ili pa mamita 10,600, mpweya umatuluka mwamphamvu nthawi yochepa yoyambirira, kumachita chifunga ndi kuzizira, koma si kuti mphepo imakoka anthu mpaka filimu kutha. Choopsa chenicheni n'chosaoneka: pamtunda umenewo munthu ali ndi masekondi 30 mpaka 60 asanayambe kusokonezeka mutu. N'chifukwa chake amati valani masiki yanu musanathandize mwana. Okosijeni wa masikiyo amakhala mphindi 12 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo n'zokwanira, chifukwa oyendetsa amatsitsa ndege msanga kufika pa mamita 3,000, kutalika kwa Sapitwa pa Mulanje, pomwe munthu amapuma yekha. Kutsika kothamangako okwera amakuyesa kugwa, pamene ndi dongosolo lolembedwa.

Lamba nayenso mafilimu samupatsa ulemu. Mu 1988 denga la Boeing 737 ya Aloha linasasuka mamita oposa 5 ndege ili m'mwamba ku Hawaii. Mwa anthu 95 anafa mmodzi, wogwira ntchito amene anali ataimirira m'kanjira. Onse amene anamanga lamba anatera amoyo.

Pa funso lanu lachiwiri, mayi, pitirizani, koma sankhani. Yambani ndi ya 1954 ija, kenako Airport, ndipo ya nsombayo muione musanaone nthabwala yake. Aja anatsatira m'ma 1970, a 747 yomira m'nyanja ndi zina zotero, mukhoza kuwadumpha. Usiku wa tsiku lonyamuka musaonere iliyonse, mugone. Ulendo wanu ndi wa maola awiri ndi pang'ono, ndipo phokoso la chigugu limene mudzamve pansi pa mapazi ndege itangonyamuka ndi matayala akulowa m'malo mwake.