Kodi chamba analoleza? Yankho kwa mayi wa ku Thondwe

Mayi wina wa ku Thondwe wandilembera pa imelo, ndipo andilola kuti ndiwayankhire pano poti funso lawo likuzunguzanso anthu ambiri muno mu Zomba. Mwana wawo amene ali ku Johannesburg anawabweretsera kabotolo ka mafuta a CBD, ochokera ku chamba, kuti azipaka m'mawondo, n'kuwauza kuti kumeneko malonda ake ndi otentha. Mayiwa ali m'kalabu ya alimi amene atopa ndi mitengo ya nandolo ndi fodya. Tsono kwawoko kwafika bambo wina amene akuti aliyense asonkhe ndalama kuti iye akawatengere mbewu ndi "mapepala" ku Lilongwe. Akufunsa kuti: kodi ndi zoona kuti chamba analoleza? Tidzale? Nanga mwana atanditumizira mabotolo ambiri, ndingagulitse mumsika wa Zomba?

Mayi, musasonkhe kaye, musadzale, ndipo mabotolowo musayitanitse. Lamulo lilipodi, koma silinena zimene bamboyo akukuuzani.

Pa 27 February 2020 aphungu anavomereza lamulo la Cannabis Regulation Act, lomwe anabwera nalo m'nyumbamo ndi a Kondwani Nankhumwa, nduna ya zaulimi pa nthawiyo. Nkhaniyi inayamba kale. Mu 2015 a Boniface Kadzamira, amene anali phungu wa kumpoto kwa Ntchisi, atayitchula koyamba anzawo anaseka, koma chaka chomwecho kampani ya Invegrow inaloledwa kuyesa mbewu za chamba cha mafakitale pa malo ofufuzira za ulimi a Chitedze. Lamulo la 2020 linakhazikitsa bungwe la Cannabis Regulatory Authority, lomwe ambiri amangoti CRA, ndipo ndi lokhalo limene limapereka ziphaso zolimira, kukonza, kusunga, kunyamula, kugulitsa ndi kutumiza kunja. Chimene chinaloledwa ndi chamba cha mafakitale, cha mankhwala ndi cha kafukufuku, kwa amene ali ndi chiphaso basi. Kusuta sikunaloledwe. Lamulo lakale la Dangerous Drugs Act likugwirabe ntchito, ndipo wapolisi wa pa rodibuloko akakupezani ndi thumba la masamba sadzafunsa ngati ndi oledzeretsa kapena ayi, adzafunsa chiphaso. Lamulo latsopanolo lili ndi chilango chakechake kwa wolima kapena wogulitsa popanda chilolezo: chindapusa chofika K50 miliyoni ndi ndende mpaka zaka 25. Ife a ku Zomba ndende yaikuluyo timaidutsa popita kumsika, sitifunika kuuzidwa kuti mpanda wake ndi wotani.

Mwina munamvanso pa wailesi mu 2024 kuti aphungu, motsogozedwa ndi a Peter Dimba, anagwirizana zoti chamba chathu cha makolo nachonso chizilimidwa mwalamulo. Anthu ambiri anamva ngati chitseko chatsegukira aliyense. Zimene ankakambiranazo zinali za ulimi wa chiphaso, woyang'aniridwa ndi boma. Panalibe mawu oti munthu angodzala kuseri kwa khola.

Kusiyana kwa chamba chosuta ndi cha mafakitale kwagona pa zinthu ziwiri zopezeka m'maluwa ndi m'masamba a chomerachi. China ndi THC, chimene chimaledzeretsa. China ndi CBD, chimene sichiledzeretsa ndipo ndi chomwe chili m'kabotolo kanuko. Kuno kwathu chamba chimatchedwa cha mafakitale ngati THC wake sapitirira 1 peresenti. Ku America malire ndi 0.3 peresenti, chimodzimodzinso m'maiko a European Union kuyambira 2023. Ndi maso simungasiyanitse. Tsamba ndi lomwelo, fungo ndi lomwelo, wosiyanitsa ndi makina a ku labotale okha. Ichi n'chifukwa chake mbewu yogula kwa munthu woyenda ndi chikwama ndi yoopsa kwambiri. Mukhoza kulima ndi mtima woyera, mbewu n'kukhwima bwino, poyeza n'kupeza THC wapitirira malire. Pamenepo munda wonse wasanduka fodya wamkulu pamaso pa lamulo, ndipo wogulitsa mbewu uja sadzaoneka kukhoti.

Pali zinanso za ulimi weniweniwo zimene osonkhetsa ndalama satchula. Chomerachi chimayamba maluwa chikaona kuti usiku watalika. Mbewu zambiri za chamba cha mafakitale anazipangira ku Ulaya ndi ku Canada, kumene nthawi yolima dzuwa limakhala maola 15 kapena 16. Kuno tsiku lathu silitalika kwenikweni kuposa maola 13, choncho mbewu yotere imathamangira kuchita maluwa idakali yaifupi, ndipo amene amafuna mapesi aatali a ulusi amakolola zochepa. Kuyesa kwa ku Chitedze kunali kofuna kupeza mitundu yogwirizana ndi nyengo yathu. Ngati cholinga chili mafuta a CBD, vuto ndi lina: amachokera ku maluwa a chomera chachikazi chimene sichinalandire mungu. Chomera chachimuna chimodzi, ngakhale cha m'munda wobisika wa munthu wina kutsidya kwa mtsinje, chikhoza kuwaza mungu ndi mphepo, maluwa anu n'kudzaza njere, mtengo wake n'kutsika. N'chifukwa chake olima chamba cha mankhwala amamanga ma greenhouse, mpanda, kulemba alonda ndi kusunga kaundula wa chomera chilichonse. Si ulimi wa khasu ndi thumba limodzi la feteleza.

Ndalama za ziphaso zimene boma linalengeza mu 2020 zinali madola 10,000 a ku America pa chamba cha mankhwala ndi madola 2,000 pa cha mafakitale, ndipo chimenecho chinali chiphaso cholimira ndi kugulitsa zokolola chokha. Ine pamenepa sindibisa, zimandiwawa. Alimi a ku Nkhotakota, Nkhata Bay ndi Mzimba ndi amene anasunga mbewu imene dziko lonse limaidziwa ndi dzina loti Malawi Gold, akuthamangitsidwa ndi apolisi zaka zonsezi. Lamulo litabwera, mtengo wolowera unaikidwa pamene mlimi wa ekala imodzi sangafike, ndipo anyamata akumangidwabe chifukwa cha timapukutu pamene makampani akulima mahekitala. Boma linati alimi ang'onoang'ono alowe kudzera m'makopaletivi, ndipo ambiri anaterodi. Mu November 2021 nduna ya zaulimi, a Lobin Lowe, inalembera katswiri wankhonya Mike Tyson kumupempha kuti akhale kazembe wa chamba cha Malawi, anthu n'kuona ngati chuma chafika pakhomo. Zaka zotsatira manyuzipepala anadzaza ndi madandaulo a makopaletivi amene anasonkha mamiliyoni a ziphaso, maphunziro ndi mbewu, ena mpaka kukongola, koma wogula amene analonjezedwa osaoneka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mwana wanu sananame kuti msika ulipo. Lesotho inayamba kupereka ziphaso za chamba cha mankhwala mu 2017, Zimbabwe mu 2018. Mu December 2020 komiti ya United Nations yoona za mankhwala ozunguza bongo inachotsa chamba pa mndandanda wa mankhwala oopsetsetsa, kuvomereza kuti chili ndi ntchito kuchipatala. Koma taonani zimene zinachitika ku America, kumene msika wa CBD ndi waukulu koposa. Lamulo la zaulimi la December 2018 litaloleza chamba cha mafakitale, alimi anakhamukirako. Mu 2019 ziphaso zinaperekedwa pa maekala oposa 500,000. Zokolola zinachuluka kuposa mafakitale ofinya mafuta, mitengo inagwa, ambiri anatsala ndi katundu m'nkhokwe, moti pofika 2021 maekala odzalidwa anali pafupifupi 54,000 okha. Amalonda atasowa kochita ndi CBD wotsalayo anayamba kumusandutsa m'malabotale kukhala delta-8 THC, chinthu choledzeretsa chimene lamulo silinachitchule, n'kumachigulitsa m'maswiti ndi m'zakumwa. Maboma ambiri a zigawo anachiletsa, ndipo mu November 2025 nyumba ya malamulo ya dzikolo inakhwimitsanso lamulo lonse, kupereka chaka chimodzi kuti zinthu zoterozo zichoke m'masitolo. Ngati alimi a mathirakitala ndi ngongole za kubanki anapsa chonchi, kalabu ya ku Thondwe iyenera kufunsa kawiri isanatulutse ndalama.

Ogula a ku Ulaya nawo satenga katundu chifukwa choti ndi wooneka bwino. Amafuna umboni woti analimidwa, kuumitsidwa ndi kusungidwa motsatira miyezo yawo, wopanda chuku, mankhwala ophera tizilombo kapena zitsulo za m'nthaka, pakuti chomerachi chimayamwa zoterezi mosavuta. Inu amene munagulitsapo fodya ku okushoni ku Limbe mukudziwa kuwawa kwa belo lobwezedwa, komabe fodya amakhala ndi ogula angapo ndiponso mavenda. Chamba chachiphaso chikakanidwa mulibe kwina kokachigulitsa mwalamulo.

Za kabotolo kanuko. Ku South Africa amalola kugulitsa CBD wochepa mphamvu popanda kalata ya dokotala, malinga ngati paketi sipitirira mamiligalamu 600 ndipo mlingo wa tsiku sudutsa mamiligalamu 20. Limenelo ndi lamulo la kumeneko, silikuperekezani kudutsa pachipata cha Mwanza kapena Dedza. Kuno kugulitsa zinthu zochokera ku chamba kumafuna chiphaso cha CRA, ndipo chilichonse chimene mukuuza anthu kuti chimachiza matenda chiyenera kulembetsedwa ku bungwe loona za mankhwala la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Kuyala mabotolo pa benchi mumsika wa Zomba kapena ku Mpondabwino ndi kudziitanira milandu iwiri. Ndikuchenjezeninso za zolembedwa pa mabotolo oterewa, zoti amachiza shuga, khansa, BP ndi zina. Mankhwala a CBD amene anayesedwa mokwanira n'kuvomerezedwa ku America mu 2018, otchedwa Epidiolex, ndi a mitundu ina yovuta ya khunyu. Pa matenda enawo kafukufuku akadali m'kati. CBD wakumwa amadutsa m'chiwindi ndipo amatha kusokoneza mphamvu ya mankhwala ena, choncho ngati mumalandira mankhwala a tsiku ndi tsiku, kawaonetseni adokotala kabotoloko musanayambe kudonthezera pa lilime, ndipo musasiye mankhwala a kuchipatala chifukwa cha iko.

Ngati kalabu yanu ikufunabe ulimiwu, ine ndingakonde muyang'ane ku njere kusiyana ndi maluwa. Njere za chamba cha mafakitale zili ndi mafuta pafupifupi 30 peresenti ndi zomanga thupi pafupifupi 25 peresenti, mafuta ake amalowa m'zakudya, sopo ndi zodzola, ndipo kalimidwe kake kali pafupi ndi zimene mumazidziwa pa soya ndi mpendadzuwa. Komabe chiphaso chimafunika ndithu. Njira yake ndi kulembetsa kalabu kukhala kopaletivi ku unduna wa zamalonda, kukambirana ndi alangizi a ku ofesi ya zaulimi ya boma la Zomba, kenaka atsogoleri anu awiri kapena atatu apite okha ku CRA ku Lilongwe kukamva mitengo ya ziphaso ya panopa ndi mayina a makampani ololedwa kugulitsa mbewu ndi kugula zokolola.

Bambo wosonkhetsayo akabweranso, mufunseni nambala ya chiphaso chake, dzina la mtundu wa mbewu, pepala la ku labotale losonyeza THC wake, ndi kontirakiti yolembedwa yotchula wogula, mtengo pa kilogalamu, ndi amene adzaluze ngati mbewu yapitirira malire. Nambalayo muitsimikize nokha ku CRA. Ndalama ya chiphaso imalipiridwa ku bungwelo ndipo pamakhala lisiti la boma, siidutsa pa foni ya munthu. Akakana kukuonetsani chimodzi mwa zimenezi, kauzeni amfumu ndi apolisi a ku Thondwe asanapite kukasonkhetsa mudzi wina.