Kodi PlayStation ingamandilonjere ndi mawu a mwana wanga ndikaiyatsa?

Mlungu wathawu ndinalandira imelo yochokera kwa bambo wina amene ali ndi makina awiri a magemu: PlayStation 3 (PS3) Slim ndi PlayStation yoyamba ija, yotuwa, imene akulu ake anamusiyira. Anajambula mwana wake akufuula kuti "tiyeni tisewere!" ndipo akufuna kuti mawu amenewo azimveka akangoyatsa makina, m'malo mwa kaphokoso ka Sony. Akufunsa ngati n'zotheka pa makina onse awiri, komanso ngati sangawaononge.

Achimwene, pa PS3 n'zotheka, ndipo si ntchito yoti mpaka thukuta. Pa PlayStation yakaleyo ndikukupemphani kuti musaiguse. Kusiyana kwake kwagona pa malo amene mawuwo amakhala m'kati mwa makina.

Tiyambe ndi yakaleyo, popeza ndi imene imanyenga anthu. Munthu amaganiza kuti m'katimo muli kafayilo ka nyimbo koti angochotsa n'kuikapo kake. Mulibe. Makinawa anatuluka ku Japan mu 1994, ndipo pulogalamu yonse yowadzutsa, yotchedwa BIOS, inapanikizidwa m'kachip ka 512 KB basi. Malo osungamo nyimbo yathunthu analibe. Anasungamo tizidutswa tifupitifupi ta mawu, ndipo makina akayaka amatiimba okha pompo, kwina kukweza, kwina kutsitsa, n'kuwonjezera kumveka ngati muli m'chiholo chachikulu. Kachip kameneko kanalembedwa kamodzi kufakitale ndipo sikafufutika. Kuti musinthe mawu muyenera kukamatula pabolodi ndi chowotcherera, n'kuwotchererapo kena kolembeka, mutakonzanso BIOS yoti izitha kuimba mawu anuwo. Timiyendo take n'tating'ono kwambiri. Dzanja likangonjenjemera pang'ono, cholowa cha akulu anu chalowa m'madzi. Xbox yoyamba ya mu 2001 nayonso n'chimodzimodzi, mawu ake amapangidwa ndi pulogalamu nthawi yomwe ikuyaka.

PS3 ndi nkhani ina. Mawu aja omveka ngati gulu la oimba likuchuna zida ndi fayilo wamba ya AC3, mtundu womwewo wa mawu a m'ma DVD. Mafayilowo ndi awiri: coldboot_stereo.ac3 ndi coldboot_multi.ac3, ndipo ali m'foda ya dev_flash/vsh/resource. Yoyamba imaimbidwa makina akamatulutsa mawu pa masipika awiri, yachiwiri akamatulutsa pa masipika ambiri. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Amasintha imodzi, n'kuyatsa, n'kumvabe mawu akale, kenako amayamba kunena kuti njirayi ndi yabodza. Sinthani onse awiri.

Chovuta si fayiloyo ayi, koma chitseko cholowera kumene ili. Sony inatseka foda imeneyi, ndipo kuti mulembemo kanthu makina ayenera kukhala otsegulidwa. Tembenuzani PS3 yanuyo muone nambala yoyamba ndi CECH. Ngati ndi ya 20xx kapena 21xx, imalandira pulogalamu yosinthidwa yonse imene amati CFW. Za 25xx zina zimalola, zina zimakana. Za 30xx ndi Super Slim sizilola n'komwe, zimangodalira HEN, pulogalamu yotsegula makina kwa kanthawi chabe, imene muyenera kuidzutsa nthawi iliyonse mukayatsa makina. Kuika CFW pa makina osailola ndiye njira yachidule yowaphera, choncho nambalayo muiwerenge kawiri.

Mukatsegula, musathamangire kusintha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Choyamba koperani mafayilo awiri aja pa fulashi, muwasunge pamalo pomwe simungawataye. Kenako konzani mawu a mwana wanu pa kompyuta. Pulogalamu ya Audacity ndi yaulere ndipo imakwanira kudula ndi kuyeretsa. FFmpeg ndi imene ingawasandutse AC3 ya 48 kHz. Utali wake ufanane ndi wa fayilo yakale, ndipo kukula kwake kusapitirire, chifukwa malo a mu dev_flash ndi ochepa zedi. Mayina akhale omwewo, chilembo ndi chilembo. Polemba, mapulogalamu monga webMAN MOD amatsegula foda yomweyo pansi pa dzina lina, dev_blind, ndipo ndi mmene mumaika mafayilo atsopano. Mukamaliza muitsekenso.

M'foda imeneyo muli mafayilo ena ambirimbiri, ndipo mtima umafuna kugwiragwira. Musatero. Fayilo ya mawu ikalakwika, kawirikawiri makina amangoyaka ali chete. Koma mukafufuta kapena kusintha mapulogalamu amene ali pafupi pomwepo, sikirini imatha kungokhala bii. Zikatero njira yobwerera ndi Safe Mode: gwirani batani loyatsira mpaka makina azime, gwiraninso mpaka mumve kulira kawiri motsatizana, ndiye muikenso pulogalamu yonse kuchokera pa fulashi ya FAT32 yokhala ndi fayilo ya pulogalamu ya makinawo, PS3UPDAT.PUP, m'foda ya PS3/UPDATE. Fulashi imeneyi muikonzeretu musanayambe chilichonse. Dziwaninso kuti mukadzaikanso pulogalamuyo mawu anu adzafufutika, a Sony adzabwerera. Komanso kulowa pa PlayStation Network ndi makina otsegulidwa kungachititse kuti akutsekereni akaunti pamodzi ndi makinawo.

Pali chimene anthu sachiganizira, ndipo ine chinandiphunzitsa mwankhanza. Ndinaikapo mluzu wa sitima pa makina anga, ndili wokondwa kwambiri. Masana unkamveka bwino. Tsiku lina ndinayatsa usiku anthu onse atagona, TV itasiyidwa mokweza, ndipo nyumba yonse inadzuka. Mawu oyambira amamveka musanagwire rimoti. Ndiye tsitsani mphamvu ya mawu a mwanayo mukamakonza, aziyamba pang'onopang'ono. Ndipo muwamvetsere kakhumi motsatizana musanawaike. Chosekesa lero chimatha kukhala chotopetsa mwezi wamawa.

Opanga makinawa amadziwa kuti anthu amakonda zoterezi. Pa GameCube ya mu 2001, ukagwira batani la Z poyatsa umamva kachidole kolira ndi kuseka kwa mwana, ndipo ukaligwira pa mapadi anayi nthawi imodzi umamva ng'oma zachijapani. Xbox 360 yapadera ya Star Wars ya mu 2012 inkalira ngati kaloboti R2-D2 ukaiyatsa. Steam Deck ndiye inangotsegula chitseko poyera: umaika kanema wako wa webm m'foda yake, basi.

Nanga ngati mtima wanu wakakamirabe pa yotuwa ija? Pali njira yosakhudza BIOS. Kabolodi kotchedwa DFPlayer Mini kamaimba MP3 kuchokera pa memori khadi ya microSD, kamayenda ndi magetsi a 5V, ndipo kamatha kuyendetsa kasipika kakang'ono pakokha. Mutha kukaika m'kabokosi pambali pa makina, kolumikizidwa pa adaputa ya magetsi yomwe PlayStation ilipo, kuti zonse ziziyaka pamodzi. Mawu a mwana adzamveka, a Sony nawo adzamveka pa TV, ndipo simunamasule sikuluu ndi imodzi yomwe. Mukadzayesa pa PS3, mundilembere nambala ya CECH ija musanaike chilichonse.