Funsani Dokotala: Dzanja Limauma Ndikaima pa Mzere Woponyera

Funso: A Dokotala, ndine mnyamata wa zaka 24 wa ku Ulongué, m'boma la Angónia, ndipo ndimasewera basiketibo m'timu ina ya ligi yaikulu ya dziko lino la Mozambique, komwe ndimalandira malipiro amene ndimathandizira amayi ndi azing'ono anga. Chiphonyereni ma lance livre awiri (mipira imene umaponya utaima pa mzere popanda wokutchinga) kumapeto kwa masewero ena ofunika, sindikumvetsanso dzanja langa. Pokonzekera mpira umalowa bwinobwino, koma tsiku la masewero mtima umagunda kwambiri, dzanja limauma, ndipo ndimangopatsira anzanga ngakhale ndili pamalo abwino oponyera. Aphunzitsi ayamba kundikhazika pa benchi, ndipo usiku tulo sitibwera. Kumudzi ena akuti ndalodzedwa ndi anthu ansanje. Kodi ndi matenda? Ndichite chiyani mgwirizano wanga ndi timu usanathe?

Yankho: Achimwene, mwachita bwino kulemba, chifukwa osewera ambiri amabisa vuto ili mpaka ntchito itawathera. Mawu amene ndawagwira kwambiri m'kalata yanu ndi akuti pokonzekera mpira umalowa. Izi zikusonyeza kuti luso lanu lilipobe, ndipo chimene chasokonekera ndi momwe thupi ndi maganizo zikugwirira ntchito pamene anthu akukuyang'anani.

Munthu akaphunzira kuponya kwa zaka zambiri, ubongo umasunga kayendedwe konse ka miyendo, chigongono ndi zala ngati chinthu chimodzi chochitika chokha. Mantha akabwera, thupi limatulutsa adirenalini, amene amafulumizitsa mtima, kufupikitsa mpweya ndi kumangitsa minofu ya m'mapewa ndi m'manja. Nthawi yomweyo wosewera amayamba kulondera dzanja lake, kudzifunsa ngati chigongono chaima bwino kapena ngati watulutsa mpira msanga, ndipo kulonderako kumadula pakati chinthu chimene chimayenera kuyenda chosadukiza. Mayi wozolowera kupeta saganizira za lichero, koma mutamuuza kuti aziwerenga kugwedeza kulikonse kwa manja ake angathe kutaya chimanga. Mukaphonya, mantha amakula, ndipo mukayamba kupewa kuponya mumapeza mpumulo wa kamphindi umene umaphunzitsa ubongo kuti kuponya ndi koopsadi. Kupatsira anzanu pamene muyenera kuponya ndiko kukudyetsa vutoli kuposa china chilichonse.

Komabe, monga dokotala, sindingavomere kuti zonse zili m'mutu thupi lisanayezedwe. Markelle Fultz anasankhidwa woyamba pa osewera atsopano olowa mu NBA, ligi yaikulu ya basiketibo ya ku America, mu 2017 ndi timu ya Philadelphia 76ers, kenako kaponyedwe kake kanasokonekera moti anthu ambiri ankati ndi mantha chabe. Mu December 2018 madokotala anapeza kuti anali ndi vuto la kupanikizika kwa mitsempha pakati pa khosi ndi phewa, lotchedwa thoracic outlet syndrome, ndipo atalandira chithandizo anabwerera kusewera mokhazikika ku Orlando Magic. Choncho ngati dzanja lanu limachita dzanzi, limafooka mukalikweza pamwamba pa mutu, kapena phewa ndi khosi zimapweteka, mukafotokoze zimenezo momveka. Kwathu kuno ndikofunikanso kuyezetsa malungo ndi kuchuluka kwa magazi, popeza munthu wochepa magazi mtima wake umathamanga ndipo amatopa msanga. Muyezetsenso maso. Munthu wokulira kozizira ngati ku Angónia akamasewera kumalo otentha monga mumzinda wa Tete kapena ku Beira amataya madzi ambiri m'thukuta, ndipo kuchepa kwa madzi m'thupi kumachepetsa mphamvu ndi kulunjika kwa dzanja, makamaka kumapeto kwa masewero.

Thupi likapezeka kuti lili bwino, ntchito yaikulu ndi kubwezera dzanja ufulu wake. Pa lance livre ndi pamene vutoli limaluma kwambiri, chifukwa palibe wokutchingani, masewero aima, ndipo malamulo a FIBA, bungwe loyendetsa basiketibo padziko lonse, amakupatsani masekondi 5 amene maganizo angathe kudzaza ndi zoopsa. Masekondi amenewo muwadzaze ndinu. Sankhani mwambo waufupi wosasintha, mwachitsanzo kugunditsa mpira pansi katatu, kutulutsa mpweya pang'onopang'ono kufikira mapewa atagwa, kuyang'ana malo amodzi a ringi (chitsulo chozungulira cholowetsamo mpira), kenako kuponya. Kutulutsa mpweya motalikitsa kumachepetsa kugunda kwa mtima, ndipo izi ndi zochitika m'thupi zenizeni. Katswiri wa ku yunivesite ya Calgary ku Canada, Joan Vickers, anasonyeza mu 1996 kuti osewera olunjika bwino amakhazikitsa maso pa ringi nthawi yotalikirapo asanayambe kuponya kusiyana ndi amene amaphonyaphonya. Maganizo akhale pa ringi, ndipo ngati mukufuna mawu oti mudziuze, akhale amodzi okha, monga akuti pamwamba kapena mofewa.

Mwambo umenewu uyenera kuyesedwa pamene mtima ukugunda, apo ayi sudzakuthandizani tsiku la masewero. Pemphani aphunzitsi kuti muziponya ma lance livre mutangothamanga, anzanu akuchita phokoso, ndiponso pakhale kachilango kakang'ono mukaphonya. Mukambirane nawonso moona mtima kuti akulowetseni kwa mphindi zochepa ndi ntchito yodziwika, monga kutchinga, kulanda mipira yobwerera ndi kuponya nthawi iliyonse pamene mwatseguka. Kwa masabata angapo muziwerenga mipira imene munaponya pa nthawi yoyenera m'malo mowerenga yolowa yokha. Ine ndimaona kuti njira imeneyi imachiritsa msanga kuposa mawu olimbikitsa, chifukwa kudzidalira kumabwerera pamene ubongo waona umboni mobwerezabwereza. Dziwaninso kuti ngakhale akatswiri oponyera patali amaphonya mipira yoposa theka, ndipo kulowetsa 4 pa 10 iliyonse ya mapointi atatu kumatengedwa kuti ndi luso lapamwamba.

Za kulodzedwa, ndikudziwa kuti abale anu akunena chifukwa amakukondani ndipo akufuna yankho. Zizindikiro zimene mwafotokoza timazidziwa bwino kuchipatala, ndipo zimagwira osewera m'maiko onse. Choopsa chake n'chakuti maganizo oti pali munthu amene wagwira dzanja lanu amawonjezera mantha omwewo amene tikulimbana nawo. Kupemphera ndi kucheza ndi akuluakulu kungakukhazikeni mtima pansi, koma musamwe mankhwala osadziwika, chifukwa ena amawononga chiwindi ndi impso, ndipo musatengere mowa kapena chamba ngati njira yopezera tulo, popeza zimasokoneza tulo tenitenito ndi kukulitsa nkhawa m'mawa mwake.

Kusowa tulo kwanuko ndiko kukundidetsa nkhawa. Wosewera wa mu NBA Kevin Love, pamene anali ku timu ya Cleveland Cavaliers, anaulula mu 2018 kuti anagwidwa ndi mantha aakulu adzidzidzi mkati mwa masewero ndipo anafuna thandizo la katswiri wa maganizo, ndipo chaka chomwecho wosewera mnzake DeMar DeRozan ananena poyera za matenda ake okhumudwa. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposa mwakhala wachisoni pafupifupi tsiku lonse, simukusangalalanso ndi zimene munkakonda, chilakolako cha chakudya chasintha, kapena mukudziona ngati wopanda pake, musadikire kuti nyengo ya masewero ithe. Kaonaneni ndi dokotala wa timu, kapena pitani ku Hospital Provincial de Tete kaya ku chipatala cha ku Ulongué mukafunse técnico de psiquiatria (wazachipatala woona matenda a maganizo) kapena katswiri wa maganizo. Ngati mungafike poganiza zodzivulaza kapena kudzipha, uzani mbale amene mumamukhulupirira ndipo akuperekezeni kuchipatala tsiku lomwelo.