Ayi mayi, aneba anu sanakuphereni nkhuku

Mayi wina wa ku Chinsapo wandilembera pa imelo. Akuti nkhuku zake 23 zatha psiti m'masabata awiri mu Okutobala, kwangotsala tambala mmodzi ndi thadzi lomwe khosi linapindika. Akukayikira aneba awo, poti anakanganapo nkhukuzo zitapalasa bedi la mpiru. Akufunsa ngati sizingakhale kuti anaziikira tameki, komanso ngati ndi bwino ayambirenso ndi za Mikolongwe poti anthu akuti n'zolimba.

Mayi, pepani kwambiri. Nkhuku 23 si masewera, ndi fizi ya mwana imeneyo. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi musanawerenge zambiri: musapite kukalalata kwa anebawo. Zimene mwafotokoza m'kalata yanu, zoti zinkaodzera, kugwetsa mapiko, kutsekula zobiriwira, kupuma mobanika, n'kumafa ziwiri lero zinayi mawa, chimenecho ndi chitopa. Ena amati chideru. Tameki sayenda choncho. Poizoni amagwira yokhayo yadya, ndipo amagwira tsiku lomwelo, mwinanso ola lisanathe. Sadikira sabata kuti akapeze thadzi lomwe linali phee pamazira m'khitchini. Nthawi zambiri galu kapena khwangwala yemwe watola nawo amatsalanso pomwepo. Chitopa chimayamba chabisala m'thupi masiku asanu kapena asanu ndi limodzi, nthawi zina mpaka masabata awiri, kenako n'kumatsitsa imodziimodzi mpaka khola gwa.

Kalata yanu yandiwawa chifukwa nkhani yomweyi inagawa mudzi wathu ku Ntcheu ndili mwana. Amayi anga ndi amayi aang'ono, obadwa bere limodzi, nyumba zawo zinali zoyang'anizana, mtondo ankabwerekana, mchere ankapemphana. Chaka china chilimwe chitafika pachimake, nkhuku zathu zinayamba kugwa. Za kwa amayi aang'ono zinali bwinobwino, zikungoyendayenda pabwalo. Amayi anakumbukira kuti masiku apitawo panali kulankhulana kosakhala bwino pa nkhani ya mphale yomwe nkhuku zathu zinajompha pamphasa. Basi mlandu unapezeka mwini wake. Mawu anatuluka, ena oti sindingawalembe pano. Ife ana tinaletsedwa kukadya kutsidyako, ndipo msuweni wanga wapamtima, amene tinkapita naye kukawedza ndi kukasaka mbewa, tinkangopenyana patali.

Patangopita masiku ochepa, za amayi aang'ono nazo zinayamba kuodzera. Mukuganiza kuti apa anthu anazindikira kuti ndi matenda? Ayi ndithu. Amayi aang'ono anati amayi abwezera. Nkhani inafika kwa amalume, eni mbumba, iwo n'kuikankhira kwa anyakwawa. Anthu anakhala pansi pa mtengo tsiku lathunthu, dzuwa likuswa mtengo, kukamba za nkhuku zomwe zinali zitadyedwa kale. Inde, zitadyedwa. Onse awiri ankalumbira kuti ndi poizoni, koma palibe nkhuku yomwe inakwiriridwa, zonse zinalowa mumphika. Anyakwawa anawalipitsa onse awiri chifukwa chotukwanizana, ndipo chindapusa chake chinali nkhuku, m'mudzi momwe munalibenso nkhuku. Anachita kukagula mudzi wina.

Pabwalo ponsepo palibe anatchula za tambala wofiira yemwe abambo anabwera naye panjinga kuchokera kumsika sabata imodzi zisanayambe kufa. Anamugula motchipa modabwitsa, ndipo anadzitama nazo madzulo onse kuti iwo amadziwa kunenerera. Tambalayo ndiye anayamba kufa, koma tinati watopa ndi ulendo. Alongo awiriwo anadzayankhulananso pamaliro a agogo, zaka zitapita, ndipo mpaka lero mukaiyamba nkhaniyi amayi amangoti "iwe unali mwana, sungadziwe."

Ndiye ndikufunseni, mayi: masabata awiri kapena atatu zisanayambe kufa, pakhomo panu sipanalowe nkhuku yachilendo? Yogula kumsika, yamphatso yochokera kumudzi pa minibasi, kapena tambala wobwereka? Simunagule yamoyo yandiwo n'kuimangirira pafupi ndi khola kudikira Lamulungu, nthenga ndi matumbo ake n'kutayira kudzala komwe zanu zimapalasa? Kachilombo ka chitopa kamayenda m'zitosi, m'mamina, pa nthenga, pa nsapato, m'madengu a ogulitsa nkhuku. Ngakhale abakha amatha kukhala nako iwo ali gwa osadwala. Ndipo dziwani ichi: nkhuku zikatchipa mwadzidzidzi mu Seputembala ndi Okutobala, wina kwinakwake waona khola lake layamba kuodzera ndipo akuthamangitsa zotsala zisanafe. Sindimuda kwenikweni munthu ameneyo, akupulumutsa kangachepe. Koma ndi mmene chitopa chimakwerera njinga kuchoka mudzi uno kupita mudzi uwo.

Apa mundilole ndikalipe pang'ono, chifukwa chimene chimandinyansa si umbuli ayi. Anthu ambiri amachidziwa chitopa, amadziwanso mwezi womwe chimabwera. Chondinyansa n'choti tinachilandira ngati nyengo, ngati mphepo ya mwera, chinthu choti chimangobwera basi palibe chochita. Mbuzi ikangotsokomola, bambo wapakhomo amakwera njinga kukasaka alangizi a ziweto. Ng'ombe ikatsimphina, mudzi wonse umadziwa. Koma nkhuku makumi atatu zikafa amangoti "chaka chino chativuta," n'kupitiriza bawo. Chifukwa chake n'chodziwika: nkhuku ndi za amayi ndi ana. Ndi zimene mayi amagulitsa mwana akatentha thupi usiku, zolipirira kuchigayo, zogulira yunifomu, zophera apongozi akabwera. Bambo amazikumbukira zikakhala m'mbale, atapatsidwa nthutumba. Ndikunenetsa, chitopa chikanakhala chopha ng'ombe mmene chimaphera nkhuku, bwenzi tsiku la katemera likulengezedwa kutchalitchi ndi kumzikiti komwe.

China chondikwiyitsa ndi malonda a mankhwala. Chitopa chilibe mankhwala. Ndibwereze: chikalowa m'thupi mwa nkhuku palibe chomwe mungathire m'madzi n'kuchichotsa. Chimayamba ndi vairasi, ndipo makapisozi ofiira ndi achikasu aja, ngakhale ufa wa m'mapaketi womwe amakugulitsani m'mashopu ena a zaulimi, ndi opha mabakiteriya. Wogulitsa wachilungamo amakuuzani zimenezi. Wina amangolandira ndalama, podziwa kuti zikafa mudzati munachedwa kubwera. Za alovera, tsabola, phulusa ndi makungwa osiyanasiyana sindilimbana nazo kwambiri, agogo anga ankathira ndipo sizinkawadyera ndalama. Koma wina akamati "ine zanga zinachira ndi alovera," mufunseni kuti zinali zingati ndipo zinatsala zingati. Pa mliri uliwonse pamakhala ziwiri zitatu zopulumuka zokha, ngati tambala wanuyo, ndipo ulemu umapita kwa chilichonse chomwe chinathiridwa m'madzi sabata imeneyo. Koma awo amathira madzi a batire, sopo waufa kapena palafini, chonde lekani, mukungozunza nkhuku yomwe ikuvutika kale.

Ndipo timadya zofa zokha. Ndikudziwa, ndiwo n'zovuta, ndipo chitopa sichimupha munthu, chikachuluka chimangofiiritsa maso. Koma chimfine cha mbalame chimaonekanso chimodzimodzi ndi chitopa mukangoyang'ana ndi maso, ndipo icho n'choopsa kwa anthu. Kuonjezera apo, posula ndi kutumbula nkhuku yodwala ndi pomwe timamwaza matendawa pabwalo ponse, galu n'kukokera matumbo kwa aneba.

Za katemera

Chomwe chimagwira ntchito ndi katemera, ndipo amaperekedwa nkhuku zili bwino, osati zitayamba kuodzera. Nkhanga zinapangana kusanapse. Woyenera nkhuku zathu zoyendayenda ndi uja amati I-2. Anamupanga akatswiri a ku University of Queensland ku Australia poganizira midzi yopanda mafiriji, ndipo kuno kwathu amapangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe konkuno. Ubwino wake ndi woti amapirirako kutentha kusiyana ndi katemera wina wa chitopa wotchedwa LaSota, yemwe amafuna kuzizira njira yonse ndipo amayenera alimi a nkhuku zoyera zotsekera. Kaperekedwe kake n'kosavuta: dontho limodzi m'diso limodzi, kaya ndi mwanapiye wa dzulo kaya ndi tambala wamkulu, muyeso ndi womwewo. Mumadikira nkhuku iphethire dontholo lilowe, ndiye mumaisiya. Chitetezo chimakhwima pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo chimafooka pakapita miyezi, n'chifukwa chake amabwereza miyezi inayi iliyonse. Ambiri amatsata Malichi, Julayi ndi Novembala. Wa Julayi ndiye musamuphonye zivute zitani, chifukwa ndi amene amazifikitsa m'chilimwe zili zotetezeka. Mazira ndi nyama mutha kudya tsiku lomwelo, palibe vuto.

Kupirira kutentha sikutanthauza kuti mumuike m'thumba la malaya tsiku lonse mukuzungulira mtauni. Amasungidwa m'firiji, osati m'chipinda choumitsa madzi chija, ndipo ponyamula mumkulunge m'kansalu konyowa, m'kadengu kolowa mphepo, kutali ndi dzuwa. Botolo mukalitsekula ligwiritseni ntchito m'masiku awiri. Onani deti lothera mphamvu musanalipire. Perekani m'mawa pamthunzi, zisanatuluke m'khola, apo ayi mudzathamanga nazo mpaka kwa anebawo.

Anthu ena amadana ndi katemera chifukwa akuti anawaphera nkhuku. Mukafufuza mupeza kuti anathamangira katemera ataona ziwiri zafa kale, pomwe zinazo zinali zitatenga kale matenda. Wopereka katemerayo, pogwira iyi n'kugwira iyo, n'kupitanso khomo lina ndi manja omwewo, amangothandiza kufalitsa. Mliri ukalowa m'dera, katemera wachedwa kwa khola lomwe lagwidwa kale.

Ndiye pali vuto la botolo. Limodzi limakwana nkhuku mazana, pomwe inu muli ndi ziwiri. Apa ndi pomwe ndimati anebawo mukuwafuna. Nkhuku za ku Chinsapo sizidziwa malire a poloti, zimadyera dzala limodzi, kumwera ngalande imodzi. Mukasonkherana makomo khumi, aliyense amalipira kachepe, botolo limatha tsiku limodzi, ndipo dera lonse limapuma. M'midzi yambiri muli anthu ophunzitsidwa omwe amayenda khomo ndi khomo kulipiritsa pa nkhuku iliyonse. Funsani alangizi a ziweto a dera lanu kapena ku ofesi ya zaulimi akuuzeni komwe mungampeze katemerayu ndi amene amapereka kufupi nanu.

Ndisanaiwale, katemera wa chitopa ndi wa chitopa chokha. Sateteza nthomba, zilonda zija zimamera pa lipombo ndi m'maso, satetezanso matenda ena a anapiye otchedwa Gumboro. Sachotsa utitiri, njoka zam'mimba, ngakhale kabawi. Anapiye ambiri m'makomo mwathu amathera kwa kabawi, makhwangwala, mvula ndi njala, osati matenda. Thadzi limafungatira masiku 21, kuswa khumi, n'kumayenda nawo m'mame mbandakucha, pofika mwezi kwatsala atatu. Kuwatsekera mwezi woyamba pansi pa chitete chachikulu, ndi madeya osakaniza soya wokazinga wogaya, fumbi la usipa ndi chiswe, kumapulumutsa ambiri. Madeya okha si chakudya cha mwanapiye. Ndidzalemba zimenezi padera, chifukwa ndikaziyamba pano sitimaliza.

Tsopano za Mikolongwe zija. Ndi nkhuku zabwino, zakuda bii, mtundu wake ndi Black Australorp, ndipo dzina lakuti Mikolongwe zinatengera famu ya boma ya ku Chiradzulu komwe akhala akuziswetsa kwa zaka zambiri. Zimakula thupi ndipo zimaikira mazira ochuluka kuposa zachikuda, zomwe zimaikira khumi ndi angapo n'kuyamba kufungatira, katatu kapena kanayi pachaka. Koma amene anakuuzani kuti sizigwidwa chitopa anakunamizani. Zimafa mofanana, ndipo zimawawa kwambiri chifukwa munazigula modula. Zimafunanso chakudya chenicheni, sizikhuta ndi kupalasa kokha, ndipo pa kulera anapiye ndi kuthawa kabawi sizingafanane ndi thadzi lachikuda. Ine maganizo anga ndi akuti munthu amene sanazolowere katemera katatu pachaka asagule nkhuku yodula ya mtundu uliwonse, kaya Mikolongwe kaya Kuroiler. Yambani ndi misoti yachikuda, muone chilimwe chimodzi chidutse zili moyo, kenako mudzagule tambala wa Mikolongwe woti akweze mtundu.

Pakadali pano chitani izi. Zakufa zomwe zatsala, nthenga ndi zitosi zonse za m'khola kwirirani mozama kapena tenthani. Tsukani zomwera ndi zodyera ndi sopo, ziume padzuwa, khola mulipake laimu. Musalowetse nkhuku yatsopano mwezi wathunthu usanathe chifereni yomaliza. Zatsopanozo gulani kwa munthu yemwe khola lake mwaliona ndi maso, osati pamsika, zikhale pazokha masabata awiri, ndipo zilandire katemera zisanasakanikirane ndi zinzake. Thadzi lopinda khosilo likhale palokha. Ngati likudya ndi kumwa lokha litha kukhala moyo, koma khosi nthawi zambiri silibwerera, ndipo ngati likulephera kujompha ndi bwino kulipha kusiyana n'kulisiya life ndi njala. Tambalayo musungeni, koma asatuluke kupita kwa aneba mwezi uno, chifukwa angakhale akutulutsabe kachilombo, ndipo zikakafa za kumeneko mlandu wa tameki udzatembenukira kwa inu.