Commodore 64 m'bokosi la matabwa: magetsi muwalumikize bwanji

Achimwene, mwafunsa ngati mungatenge power supply ya kompyuta ya desktop n'kuimangirira m'bokosi la matabwa pamodzi ndi bolodi ya kompyuta yakale ya Commodore 64 imene malume anu anabwera nayo kuchokera ku Joni, popeza chikuto chake cha pulasitiki chinasweka. Bokosilo kalipentala akhome ndithu. Koma power supply imeneyo payokha singayendetse makinawa, ndipo magetsi a 230V musawalowetse m'bokosi limene muli bolodi.

Commodore 64 inatuluka mu 1982, ndipo imafuna magetsi a mitundu iwiri nthawi imodzi: 5V DC (magetsi oyenda mbali imodzi ngati a batire) ndi 9V AC (osinthasintha mbali ngati a m'soketi). Ya desktop ija imapereka 5V pa mawaya ofiira, 12V pa achikasu ndi 3.3V pa a olenji, zonsezo DC. AC mulibemo. Ena akuuzani kuti ingoikani adaputa ya 9V DC, musawamvere. Pa mabolodi akale, 9V AC ija ndi imene imasandutsidwa 12V yoyendetsera tchipi cha mawu, SID 6581, ndi cha zithunzi, VIC-II. Motala ya makina a tepi yosungira mapulogalamu imadyanso pomwepo, ndipo wotchi ya mu tchipi za CIA 6526 imawerenga nthawi potsata kugunda kwa 50Hz kwa AC yomweyo. Ikasowa, TV imangoda bii, munthu n'kumaganiza kuti makina anafa.

Chidina chakuda, power supply imene inabwera ndi makinawo, musachiyesere pa bolodi ngakhale kamphindi. Zambiri mwa izo anazithira epoxy m'kati moti kutentha kumasowa potulukira. Regulator, imene imasunga magetsi pa 5V, ikatopa sizima ayi, imayamba kutulutsa magetsi opitirira, ndipo zoyamba kupsa ndi tchipi za RAM. Tchipi za pa bolodiyi zimafuna pakati pa 4.75V ndi 5.25V. Zikapsa simungazipeze pamsika wa pa Boma, mwina ngakhale ku Limbe, ndiye bola kusamala zimene zilipozo. Pa chidinacho dulanipo chingwe chokhala ndi pulagi yozungulira ya mapini 7, ya DIN, chimenecho ndiye chuma.

Mugule zinthu ziwiri. Adaputa yabwino ya 5V DC yofika 2A, osati matchaja a foni otchipa a m'mbali mwa msewu amene magetsi ake amadumphadumpha. Chinacho ndi thiransifoma yotsitsa 230V kukhala 9V AC, ya 1A. Iwerengeni bwino pa chikuto, palembedwe AC potulukira, chifukwa maadaputa ambiri a 9V ndi a DC. Ziwirizi zikhale m'kabokosi kawokawo pansi pa tebulo, ku makina kuzingopita chingwe cha DIN chija basi.

Pa pulagiyo, mapini 6 ndi 7 ndi a 9V AC, pini 5 ndi ya 5V, pini 2 ndi ground. Apa ndi pamene ambiri amaotchera makina, chifukwa manambala a DIN sayenda motsatana. Mukazungulira amayenda 6, 1, 4, 2, 5, 3, 7, ndipo mukayang'ana kumbuyo kowotcherera, kumanja kumasanduka kumanzere. Mitundu ya mawaya a m'chingwe chakalecho musaikhulupirire, tengani multimeter, chida choyezera magetsi, mulondole waya uliwonse mpaka pa pini yake. Mawaya awiri a 9V AC aja, pasakhale ngakhale mmodzi wokhudzana ndi ground ya 5V. Mukamaliza kuwotcherera, yatsani magetsiwo musanalumikize bolodi, muyeze pa mapini. Pa 5V muone pafupifupi 5.0 mpaka 5.2. Thiransifoma ikakhala yopanda katundu imatha kuonetsa 10 kapena 11, zimenezo zisakuopseni.

Kumbali ya 230V sindikufuna masewera. Waya wa bulawuni ndi live, wa buluu ndi neutral, wobiriwira ndi chikasu ndi earth. Swichi ndi fyuzi zikhale pa live. Mapulagi athu a mapini atatu amakona amakhala ndi fyuzi m'kati, ikanimo ya 3A, osati ya 13A, ndipo osakulungamo kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Pulagi ya ku South Africa ya mapini ozungulira ija ichotseni, musaikakamize mu soketi. Kabokosiko kakakhala kachitsulo, earth imangidwe pa chitsulocho ndi bawuti. Chingwe chimangidwe polowera kuti mwana akachikoka chisazuke m'kati. Ngati simunagwirepo mawaya a magetsi a m'nyumba, gawo ili lokha mupatseni wamagetsi wodziwa ntchito.

Tsopano za kwathu kuno. Inu mukudziwa mmene Mangochi amaotchera mu Okutobala ndi Novembala, ndipo thabwa limasunga kutentha kuposa mmene mukuganizira. Tchipi za VIC-II, SID ndi china chotchedwa PLA zimatentha kale ngakhale kozizira. Kalipentala aboole mabowo pansi ndi pamwamba kuti mpweya uzilowa n'kutuluka, bokosi likhale ndi timiyendo, ndipo pa tchipi zitatuzo mumatepo timaheatsink, tizitsulo ta aluminiyamu tochotsa kutentha. Mabowowo muwatchinge ndi kaneti ka waya, apo ayi mphemvu ndi abuluzi apezapo nyumba yofunda. Bolodi isagone pa thabwa, ikhale pa timisanamira ta pulasitiki, chifukwa thabwa limayamwa chinyezi cha kunyanja nthawi ya dzinja ndipo dzimbiri limayambira pansi pomwepo.

Magetsi akazima, zulani pulagi, mudikire abwere akhazikike kaye. Ngati muli pa sola, inverter zotchipa za modified sine wave zimaliritsa thiransifoma ndi kuitenthetsa, ndiye muziigwira ndi dzanja pakapita mphindi zingapo. Batire ya 12V musailumikize ku bolodi mwachindunji.

Musanagule chilichonse, jambulani bolodiyo munditumizire, makamaka pamene palembedwa ASSY, nambala ya mtundu wa bolodi. Ikakhala 250407 kapena 250425 ndi yakale ija ya SID 6581. Ikakhala 250469 ndi yaifupi ya SID 8580 yoyendera 9V, imene sitentha kwambiri. Muyezenso fyuzi yagalasi imene ili pa bolodipo, ili pa njira ya 9V AC, ndipo ikakhala yakupsa mudzavutika kusaka vuto pa mawaya anu pamene ali bwinobwino.