Yankho kwa achemwali amene afunsa za mphoto za thesis ya PhD

Achemwali, poyamba tikukunyadirani, mwagwira ntchito yaikulu. Mwalemba kuti mwakhoza viva ya PhD, mayeso a pakamwa oteteza thesis (buku la kafukufuku wanu), pa yunivesite ina ku Britain, kuti kafukufuku wanu ndi wa amayi ogulitsa nsomba ku Nyanja ya Chilwa, ndiponso kuti examiner wochokera ku yunivesite ina anati ntchitoyi ikuyenera mphoto. Mukufunsa ngati mphoto zoterezi zilipodi, ngati zili ndi phindu, komanso ngati si kudzikweza kukauza supervisor kuti apereke dzina lanu. Nditalikitsa pang'ono chifukwa m'gulu muno muli ambiri amene atsala pang'ono kutsiriza.

Ndiyambire pa funso lomalizalo, pakuti ndi pomwe anthu a kwathu timaphonyera mwayi. Mphoto zambiri za mtunduwu munthu sadzilembera yekha monga amachitira pofunsira ntchito. Dzina limaperekedwa ndi supervisor, examiner kapena dipatimenti, ndipo nyengo yake ndi yoikika. Ikadutsa, yadutsa, mpikisano wotsatira thesis yanu sailandiranso. Supervisor wanu ali ndi ophunzira ena, makalasi, mayeso oti achonge ndi kafukufuku wakewake. Akhoza kumakunyadirani ndi mtima wonse koma tsiku lotsekera mpikisano osalidziwa n'komwe. Ife tinaleredwa kuti mwana wamakhalidwe sadzichemerera, amadikira akuluakulu amuone okha. Pamudzi khalidwe limenelo ndi labwino, koma m'dipatimenti ya ku Britain ukakhala chete amangoganiza kuti sukufuna. Anzanu amene munkakhala nawo ofesi imodzi amalemba imelo yopempha mtima uli m'malo, ndipo palibe amene amawatcha odzikweza. Paja akuluakulu anati manyazi anapha lambe. Mphoto ikabwera, supervisor ndi dipatimenti nawonso amatchuka nayo, amaiika pa tsamba lawo la pa intaneti ndi m'malipoti awo. Choncho powauza mukuwakumbutsa chinthu chopindulira iwo omwe.

Mphoto yomwe ikukukhudzani mwachindunji ndi Audrey Richards Prize. Amapereka ndi a bungwe la African Studies Association of the UK, kamodzi pa zaka ziwiri, kwa mwini thesis ya PhD yopambana pa nkhani za Africa yomwe yayesedwa ndi kuvomerezedwa pa yunivesite ya m'dzikolo m'zaka ziwiri za m'mbuyo. Wopereka dzina amakhala supervisor kapena examiner, mwiniwake atavomera. Tsono taonani: examiner wanu wanena kale ndi pakamwa pake kuti ntchito ndi yabwino, ndiye kuti munthu woti alembe kalata muli naye kale. Audrey Richards mwiniwakeyo si mlendo kumadera athu. M'zaka za m'ma 1930 anakhala pakati pa Abemba kumpoto kwa Zambia, nthawi imeneyo dzikolo likutchedwa Northern Rhodesia, akufufuza za chakudya, ulimi ndi chinamwali cha atsikana. Ankakhala pansi ndi amayi, kuona zomwe zikulowa m'mphika ndi mmene miyezi ya njala imasinthira moyo wa pamudzi. Kafukufuku wa amayi a m'madooko a Chilwa akuyenda m'njira yomweyo, ndipo ine ndikanakhala inu sindikanailola mphoto imeneyi kudutsa ndisanayese.

Musaime pa imodzi. Mabungwe ambiri a akatswiri ali ndi zawo. British International Studies Association ili ndi Michael Nicholson Thesis Prize, ndipo Political Studies Association imapereka mphoto zingapo chaka chilichonse malinga ndi nthambi za maphunziro a ndale. Yang'anani bungwe lomwe munkapita ku misonkhano yake, ndipo funsaninso ku ofesi ya ophunzira a PhD pa yunivesite yanu, chifukwa mayunivesite ambiri ali ndi mphoto ya pakhomo pomwepo yomwe opikisana ake amakhala ochepa.

Kwa anzathu amene muli m'maiko ena kapena m'maphunziro ena, malamulo amasiyana ndithu, ndipo kusiyanako ndi kofunika kukudziwa. A zamakompyuta ali ndi ACM Doctoral Dissertation Award, ya madola 20,000 a ku America. Imalandira ma thesis ochokera dziko lililonse, koma yunivesite imaloledwa kutumiza dzina limodzi kapena awiri okha, kotero mpikisano woyamba umakhala wa m'nyumba momwemo. Craig Gentry anailandira pa thesis yake ya mu 2009 ya ku Stanford, momwe anaonetsa kuti kompyuta ingathe kuchita masamu pa uthenga wobisidwa popanda kuutsegula, funso lomwe linasautsa akatswiri kwa zaka pafupifupi 30. Ku America ndi Canada kuli mphoto ya Council of Graduate Schools ndi ProQuest, yomwe imasinthasintha: chaka china amaona za masamu, uinjiniya ndi maphunziro a chikhalidwe cha anthu, chaka chinacho za zamoyo, zaluso ndi mbiri. Wosadziwa zimenezi akhoza kudikira chaka cholakwika. Ku Germany kuli Deutscher Studienpreis ya bungwe la Körber, komwe opambana atatu oyamba amalandira mayuro 25,000 aliyense. Imeneyi munthu amadzilembera yekha, ndipo chomwe amafuna kumva ndi phindu la kafukufukuyo kwa anthu wamba. Amayi a sayansi amene mukadali pakati pa PhD, pulogalamu ya L'Oréal-UNESCO ya kum'mwera kwa Sahara imapereka mayuro 10,000 kwa ophunzira osankhidwa, musadikire kuti mumalize kaye.

Tsopano mundimvetsere bwino apa, chifukwa mphoto zimapezeka kapena kutayika pamenepa. Ndakhalapo m'komiti ya dipatimenti yosankha thesis yoti tiitumize ku mpikisano. Pa tebulo pamakhala ma thesis a masamba mazanamazana, ndipo anthu atatu kapena anayi a m'komitimo amabwera atatopa kale ndi ntchito zawo za tsiku ndi tsiku. Wina ndi wa zachuma, wina wa mbiri, wina wa ndale. Palibe amene amayamba pa tsamba loyamba n'kukafika pomaliza. Timatenga chidule cha tsamba limodzi kapena awiri, kalata ya wopereka dzina ndi lipoti la ma examiner. Chikatikopa, m'pamene timatsegula mutu woyamba, womaliza ndi umodzi wa pakati. Ndinaonapo thesis yozama kwambiri ikuikidwa pambali chifukwa chidule chake chinayamba ndi mayina a akatswiri ndi mawu a m'buku omwe mnzathu wa zachuma anawerenga kawiri, n'kuvula magalasi, n'kufunsa kuti kodi munthuyu anapeza chiyani kwenikweni. Tonse tinakhala chete. Zomwe anapeza zinalipo, zinali zamtengo wapatali, koma zinakwiririka kumapeto kwa mutu wachisanu ndi chimodzi. Zinandipweteka, chifukwa mwini wake anaivutikira zaka.

Choncho chidule cha mpikisano musakopere chija chili kumayambiriro kwa thesis. Chija munalembera ma examiner, anthu odziwa kale nkhaniyo. Ichi mukulembera munthu wophunzira bwino koma amene sanamvepo za Chilwa. Muuzeni m'mizere yoyambirira kuti ndi nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulukamo, yomwe imaphwa monga inachitira mu 1995 ndi mu 2018, ndipo kuti mabanja ambiri a ku Zomba, Machinga ndi Phalombe amadalira matemba, milamba ndi makumba a mmenemo. Kenako nenani zomwe anthu ankakhulupirira za amayi ogulitsa nsombawo musanafufuze, zomwe inu mwapeza, ndi umboni wake: munakhala nthawi yaitali bwanji pa dooko, munalankhula ndi ndani, munawerenga zolembedwa ziti. Musachite mantha kulemba kuti "ndapeza kuti". Ambirife timabisala kumbuyo kwa mawu akuti kafukufukuyu wayesako kuunika, ngati tikupepesa. Komiti ikufuna kudziwa chomwe chasintha chifukwa cha ntchito yanu. Mukalemba, patsani mnzanu wa maphunziro ena awerenge, kenako abwereze ndi mawu ake zomwe wamva. Akalephera, lembaninso.

Kalata ya supervisor nayo muithandizire. Mutumizireni mfundo zitatu kapena zinayi zomwe inu mukuona kuti ndi mtima wa thesis, ziganizo zoyamikira zochokera mu lipoti la ma examiner, ndi mndandanda wa mapepala omwe mwasindikiza kapena omwe alandiridwa m'ma journal. Kalata yongoti wophunzirayu ndi wakhama siipita patali. Yomwe imagwira ntchito ndi yonena kuti mutu wakutiwakuti watsutsa zomwe akatswiri akhala akunena, ndipo wachita zimenezo motere.

Za phindu, ndikuuzeni zoona: ndalama za mphoto zambiri, kupatula zikuluzikulu ndatchulazi, n'zochepa. Phindu lenileni lili pa mzere umodzi wa pa CV. Mukamadzafunsira postdoc (ntchito ya kafukufuku ya munthu amene wangomaliza PhD) kapena ndalama za kafukufuku, makamaka mukadzabwerera ku UNIMA, LUANAR kapena Mzuni, owerenga pempho lanu kunja sadzakhala akukudziwani, koma dzina la mphotoyo amalidziwa. Osindikiza mabuku nawonso amatsegula msanga imelo ya munthu amene thesis yake inapambana. Ngakhale kufika m'gulu la omaliza kapena kutchulidwa mwaulemu kumalembedwa pa CV, ndipo kumawerengedwa.

Chenjerani ndi akuba. Dzina lanu likangooneka pa intaneti mudzayamba kulandira maimelo okuuzani kuti mwapambana mphoto yomwe simunapikisaneko, koma mulipire kaye ndalama ya satifiketi kapena ya mpando pa mwambo. Mphoto yeniyeni siigulitsa chikho kwa wopambana, chachikulu angafune ndi chakuti mukhale membala wa bungwe lodziwika. Ena adzati akusindikizirani thesis yonse kukhala buku mwaulere. Musasaine msanga, chifukwa mukapereka umwini kwa iwo, osindikiza enieni a yunivesite sadzaifunanso.

Ndipo mukayesa koma osapambana, musaganize kuti ma examiner anakunamizani. Makomiti ndi anthu, ndipo nthawi zina ntchito yatsopano kwambiri ndi yomwe imavuta kuilandira. Cecilia Payne analemba thesis yake mu 1925 ku Radcliffe College, akugwira ntchito pa malo oonera nyenyezi a Harvard. Anapeza kuti nyenyezi zapangidwa makamaka ndi hydrogen ndi helium, pamene akatswiri a nthawiyo ankakhulupirira kuti dzuwa lili ndi zinthu zofanana ndi za dziko lapansi. Katswiri wamkulu Henry Norris Russell anamuuza kuti zimenezo sizingatheke, mpaka Payne analemba m'thesis momwemo kuti ziwerengerozo mwina si zenizeni. Mu 1929 Russell yemweyo anafika pa yankho lomwelo kudzera njira ina. Jocelyn Bell Burnell ndi amene anayamba kuona zizindikiro za ma pulsar, nyenyezi zotumiza mafunde a wailesi mobwerezabwereza, mu 1967 ali wophunzira wa PhD ku Cambridge, koma Nobel ya mu 1974 inapita kwa supervisor wake Antony Hewish ndi Martin Ryle. Mu 2018 atapatsidwa mphoto ya madola 3 miliyoni, anapereka ndalama zonse kuti zilipirire ophunzira a PhD ya physics ochokera m'magulu omwe sapezeka kawirikawiri m'maphunzirowa, monga amayi ndi othawa kwawo.

Sabata ino chitani izi. Tsirizani zokonza zomwe ma examiner anapempha, chifukwa mipikisano ina imawerengera tsiku la viva pamene ina imawerengera tsiku lomwe yunivesite yavomereza digiri, ndipo tsiku limenelo ndi lomwe limasankha chaka chomwe mukupikisanamo. Ngati munatseka thesis kuti isaoneke pa intaneti pofuna kuteteza amayi omwe munalankhula nawo, funsani okonza mpikisano ngati oweruza angaiwerenge mwachinsinsi. Kenako lembani imelo yaifupi kwa supervisor: dzina la mphoto, tsiku lotsekera, mawu omwe examiner ananena, ndi funso lachindunji lakuti kodi angavomere kupereka dzina lanu. Chidulecho mukachilemba, nditumizireni ku inbox ndichiwerenge musanachipereke.