Zithunzi za situdiyo zikutuluka zakuda kapena zamizeremizere: musafulumire kuimba mlandu foni

Ntchito yanga ndi yokonza mafoni, machaja ndi nyale za LED pa kabenchi kanga kuno ku Ulongwe, m'boma la Angónia. Masiku ano achinyamata ambiri ayamba kujambula anthu atatchena: akwati, omaliza sukulu, atsikana atavala kapulana (chitenje) yatsopano, ngakhale makasitomala a m'saluni. Ambiri amabwera ndi foni m'manja kuti "kamera yafa, tasinthani." Ndikaiyesa ndimapeza kuti ili bwinobwino, chavuta ndi kuwala. Nawa ena mwa mafunso amene ndalandira.

Mnyamata wina wa ku Moatize akuti: "Ndikajambula usiku m'chipinda, pachithunzi pamadutsa mizere yakuda ngati mbidzi. Masana siioneka."

Achimwene, kamera yanu ilibe vuto. Magetsi a kuno ku Mozambique ndi a 220 V pa 50 Hz, ndiye babu lotchipa limathima ndi kuyaka ka 100 pa sekondi imodzi. Diso silitha kuona zimenezi, koma kamera ya foni imawerenga chithunzi mzere ndi mzere kuchoka mbali ina kupita ina, choncho mizere ina imakumana ndi babu litayaka, ina litazima. Mukafuna umboni, tsegulani slow motion n'kulozetsa foni pa babulo, muona likuphethira.

Mu kamera ya foni lowani mu Pro mode muike shutter, kutanthauza nthawi imene kamera imatsegukira kuwala, pa 1/50 kapena 1/100 ya sekondi. Ngati foni ili ndi anti-flicker, yoletsa kuphethirako, isankhireni 50 Hz, chifukwa ikakhala pa 60 Hz ndiye kuti ikuyembekezera magetsi a ku America. Ngati muli ndi ring light ya USB, nyale yozungulira ija yojambulira, ilumikizeni ku power bank, poti moto wa batire suphethira. Koma nyale zambiri zotere zimayambanso kuphethira mukazichepetsa mphamvu, ndiye ndi bwino kuyatsa mphamvu yonse n'kuisunthira kutali. Nyale imene kale inkawala bwino koma yayamba mizere posachedwa, kawirikawiri ndi capacitor, kachipangizo kosunga moto m'kati mwake, yomwe yauma ndi kutentha. Imeneyo timasintha, si yodula.

Mayi wina wa saluni ku Zóbuè akuti: "Ndinakoloweka nsalu yoyera kumbuyo kuti zioneke ngati situdiyo. Koma makasitomala akutuluka akuda bii, maluko osaoneka. Ndikayatsa fulashi nkhope ikutuwa ngati adzola phulusa."

Mayi, funso lanu ndi limene limandikhudza kwambiri, chifukwa ndaona atsikana akuyamba kudana ndi khungu lawo kaamba ka chithunzi chojambulidwa molakwika. Khungu lakuda silivuta kujambula. Chimene chikuchitika n'chakuti kamera ikaona nsalu yoyera yadzaza chithunzi imaganiza kuti kwawala mopitirira, ndiye imachepetsa kuwala konse, nkhope n'kumira. Gwirani pankhope pa sikirini, kenako kokerani m'mwamba pang'ono kachizindikiro kadzuwa kamene kamatuluka. Nsalu ikayera mopitirira zilibe kanthu, mukujambula munthu. Ine ndikanakhala inu ndikanachotsa yoyerayo n'kuika yotuwa, yofiirira kapena yobiriwira mozama. Mumuimikenso munthuyo mita imodzi ndi theka kuchoka pansaluyo kuti mthunzi wake usagwerepo.

Fulashi ya foni isiyeni. Ndi kanyale kakang'ono ngati njere ya chimanga, kali pafupi ndi lenzi, ndipo kamamenya nkhope chamaso n'kubwerera. Nyale ikakhala yaing'ono kuwala kwake kumauma, ikakhala yaikulu ndiponso pafupi kumafewa. N'chifukwa chake zenera limaposa mababu ambiri a m'sitolo. Mukhazikeni kasitomala pafupi ndi zenera kapena khomo lomwe dzuwa silikulowa mwachindunji, kuwala kuzichokera cham'mbali, pakati pa kutsogolo ndi khutu. Mbali inayo wina agwire chinthu choyera chobweza kuwala. Chija choyera chopepuka chomwe chimabwera m'katoni ya firiji chimagwira ntchito bwino zedi. Katoni yomatidwa pepala lasiliva la kukhitchini imabweza mwamphamvu, koma muyambe mwalikwinya pepalalo kuti lisathobwe m'maso.

Tsiku lina ndinayesa zimenezi ndi mdzukulu wanga pakhomo la shopu cha m'ma 4 koloko. Tinathimitsa babu la padenga, iye n'kukhala pa mpando cham'mbali mwa khomo, mnzake atagwira katoni yoyera m'munsi mwa chibwano. Luko lililonse linaoneka palokha, patsaya panatsetsereka kuwala kofewa, m'maso muli kakuwala kawiri. Foni yake inali yomweyo yosweka pakona imene ankati ndi yachabe.

Babu la padenga ndimathimitsa pa chifukwa. Mtundu wa kuwala amauyeza ndi K: kwa masana kuli cha pa 5500 K, babu lachikasu lili cha pa 2700 mpaka 3000 K, pomwe LED yoyera mbuu imafika 6500 K. Manambalawa amalembedwa pa katoni ya babu. Mukasakaniza, tsaya lina limatuluka lachikasu, lina labuluu, ndipo palibe filter imene ingakonze. Kunyezimira pang'ono pakhungu lakuda kumakongoletsa, ndiko kumaonetsa maumbidwe a nkhope. Thukuta la pamphumi ndi pamphuno lokha ndilo mupukute ndi tishu, mochita kudinda, osati kukhula.

Wina wafunsa kuti: "Chifukwa chiyani mphuno ndi chipumi zimakula, ndipo anthu amauma ngati chithunzi cha chiphaso?"

Mwayandikira kwambiri. Lenzi yaikulu ya foni ndi yotambalala, imakulitsa chilichonse chomwe chili pafupi nayo. Bwererani mamita awiri mugwiritse zoom ya 2x. Pa kamera yeniyeni, lenzi ya 50 mm kapena 85 mm ndiyo ya nkhope. Za kaimidwe, munthu asayang'anizane nanu ngati msilikali. Atembenuze mapewa pang'ono, thupi litsamire mwendo wakumbuyo, chibwano chibwere kutsogolo n'kutsika pang'ono, mkono usakanikize nthiti. Manja muwapatse chochita: kugwira mphepete mwa kapulana, ndolo, kapena mpando. Ndipo muzionetsa ndi thupi lanu, osamugwira munthu. Ngati tsitsi lasokonekera, muuzeni akonze yekha kapena mnzake amene wabwera naye. Munthu akamasuka nkhope imamasukanso, ndiye muzicheza naye.

Wojambula maukwati wa mumzinda wa Tete akuti: "Ndikagwiritsa fulashi pa Canon yanga theka la chithunzi limada. Fulashi ina yasiyiratu, ndikufuna ndiitsegule."

Theka lakudalo ndi chitseko cha shutter, mwapitirira liwiro lomwe kamera imagwirizana ndi fulashi. Pa ma Canon ambiri malire ndi 1/200, ndiye musapitirire pamenepo. Koma yakufayo chonde musatsegule, bambo. M'kati muli capacitor yosunga pafupifupi 300 V, ndipo imakhalabe ndi moto ngakhale mabatire mutachotsa. Yambani mwaona potsamira mabatire, nthawi zambiri pamakhala pataundana zoyera za batire lomwe linadontha. Zikakanika, bweretsani kwa amisiri.

Kwa inu a mumzinda wa Tete ndi Moatize ndionjezere za kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, pomwe kumapyola madigiri 40. Musasiye kamera kapena power bank m'galimoto yotseka, ndipo musajambule foni ili pa chaja. Batire likatupa mpaka kukankha sikirini, lisiyeni pomwepo, osaliboola. Ife a kumtunda kuno vuto lathu ndi chinyontho cha nthawi ya mvula, chomwe chimameretsa nkhungu m'kati mwa lenzi. Muzisunga malenzi m'kontena yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi tija toyamwa chinyontho topezeka m'mabokosi a nsapato.

Funso lomaliza lachokera kwa mtsikana: "Wojambula anandiika pa Facebook osandiuza. Nanga zithunzi za m'foni ikapita kokonzetsa zimatetezeka?"

Achemwali, analakwa, ndipo muli ndi ufulu womuuza achotse. Akakana, pa Facebook pomwepo pali popereka dandaulo pa chithunzicho. Chaka chatha kunabwera mtsikana wina pa benchi panga akulira, chithunzi chomwe anajambulitsa kuti asunge yekha chitazungulira m'magulu a WhatsApp mpaka kufika kwa amalume ake. Anandipempha kuti ndichifufute kulikonse. Ndinalephera kumuyang'ana m'maso, chifukwa chithunzi chikalowa m'mafoni a anthu palibe mmisiri amene angachibweze.

Ndiye inu ojambula, mugwirizane musanayambe: zithunzi zingati, zipita kuti, ndi ziti zomwe mungaike pa tsamba lanu. Mulemberane ngakhale pa meseji. Mwana wosafika zaka 18 azibwera ndi kholo, ndipo zithunzi zodzionetsa thupi kwa mwana ayi ndithu. Potumiza kwa mwini wake pa WhatsApp, tumizani ngati document kuti chithunzi chisaphwanyike. Pobweretsa foni kwa ife, chotsani memori khadi, samutsani zithunzi zanu, ndipo ngati ndi Samsung yatsopano yatsani Maintenance mode, yomwe imabisa zithunzi ndi mameseji anu kwa wokonza. Posintha batire kapena polowetsa chaja, PIN yanu sitiifuna. Ngati wokonza akuti ayese sikirini kapena kamera, mutsegule nokha muli pomwepo, ayese inu mukuona.